Kathonje ka Pamkono wa a Kadontho

Loweruka lapitali tinali ndi Misa yokumbukira bambo aakulu, a Fabiano Namakhwa, amene kuno kwa Mpama aliyense ankawatchula kuti a Kadontho. Patha chaka chimwalirireni. Kunena zoona, Misa ija sindinaimve. Ndinakhala moyandikana ndi mkazi wawo, amayi aakulu, amene ndi mkulu wawo wa amayi anga, ndipo khutu langa lonse linali pachifuwa pawo. Ali ndi mphumu kuyambira kale, ndipo kukazizira amapuma movutikira. Mwezi wake ndi womwe uja wa Juni, chiperoni chayamba kale, ndipo theka la tchalitchi linali kutsokomola.

Potuluka, mayi wina wa mumphakati mwathu, kagulu kathu kopempherera limodzi m'mudzi, anandigwira dzanja nati, "Pepanitu, Rozina. Akanapanda kukabayitsa ku Blantyre kuja, bwenzi lero tili nawo." Ndinangoti zikomo, chifukwa ndatopa nako kuyankha. A Kadontho sanabayidwe katemera wa chimfine. Ndinali nawo m'chipinda cha dokotala ndipo ndinaona ndi maso angawa. Koma mudzi wonse umakhulupirira kuti katemerayo ndiye anawapha, ndipo amayi aakulu amakhulupirira zomwezo. N'chifukwa chake akukana kuti mwana wawo Jesinta awatengere ku Blantyre kukalandira wawo, chikhalirecho anauzidwa kuchipatala kuti chifuwa chawocho sichingapirire chimfine chachikulu, chija amati fuluwenza. Ndikulemba izi mtima uli m'mwamba. Mwina ndikazilongosola bwinobwino, wina andimva nthawi isanathe.

A Kadontho anali mkamwini m'mudzi mwathu. Kwawo kunali cha ku Mikolongwe. Agogo awo anachita kuchokera ku Mozambique wapansi, ndipo iwo ankakamba za ulendowo ngati anayenda nawo. Unyamata wawo wonse anathera m'makola a nkhuku pafamu ya ziweto ya boma, ndipo kumeneko anatengako zinthu ziwiri, kukonda nkhuku ndi chifuwa. Fumbi la m'makola linawasiyira kachifuwa kouma kosatha, koti ukamva "khe, khe" kunjira unkadziwiratu amene akubwera. Atapuma pantchito anakana kukhala pansi. Anayamba kuzungulira m'midzi kutemera nkhuku kuti zisafe ndi chitopa, matenda aja amene amasesa khola lonse mwini wake akuyang'ana.

Katemera wa chitopa sachita kubaya. Ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, basi, ndipo dzina lawo linachokera pamenepo. Kabotolo kake ankakakulunga m'kansalu konyowa n'kukaika m'kadengu kolendewera pahandulo ya njinga kuti kasatenthedwe. Akanyamula kabotoloko sankaima panjira. Ngakhale abambo mfumu a kuparishi akumane nawo, ankangogwedezeredwa mutu njinga ili pa liwiro. Koma akafika pakhola changu chonse chinkatha. Ankaipanira nkhuku m'khwapa n'kuilankhula mwaulemu ngati mlendo, amvekere, "Amayi, tatsegulani diso." Akadontheza ankadikira kuti iphethire kaye asanaisiye. Tambala ankamutchula kuti achimwene. Ife tinkafa nazo ndi kuseka, iwo nkhope ili gwa.

Likayandikira tsiku lotemera ankaimirira m'tchalitchi pa nthawi ya zolengeza, ndipo kulengeza kwawo kunkatalika kuposa ulaliki. Ankauza anthu kuti asatsegulire nkhuku m'mawa wa tsikulo, chifukwa iwo si galu woti azithamangitsana nazo m'chinangwa. Ankadzudzula amene amagula nkhuku kumsika n'kuiponya m'khola tsiku lomwelo. Ankanenanso kuti chitopa chimayenda pansapato, choncho munthu wochokera pakhola lodwala asapondenso pakhola la mnzake. Koma lamulo lawo lalikulu, limene ngakhale ana ankaliimba powanyodola, linali lakuti nkhuku yodwala satemera. Asanatsegule kabotolo ankayamba azungulira khola, akuyang'ana zitosi, akuyang'ana ngati pali ina yogwetsa mapiko kapena yosinza. Akangoona imodzi yotero ankakwera njinga n'kumapita, uwagwadire kaya uwatukwane.

Lamulo limeneli sanabadwe nalo. Analitenga pa mkangano wawo ndi a Likaka, mkulu wina wa kutsidya kwa dambo amene anali ndi nkhuku zambiri kuposa aliyense. Chaka china, a Kadontho atangoyamba kumene ntchitoyi, anapeza nkhuku ziwiri za a Likaka zikusinza. Anafuna kubwerera, koma a Likaka anawachonderera kuti apulumutse zotsalazo, ndipo iwo anamva chisoni n'kutemera khola lonse. Matenda anali atalowa kale. Sabata isanathe nkhuku zinayamba kugwa, ndipo m'mawa wina a Likaka anabwera ndi thumba pamutu n'kukhuthula mitembo ya nkhuku pakhomo pa bambo aakulu, anthu akuonerera.

"Nazi nkhuku zanu, a dokotala! Zinali zamoyo musanazithire poizoni wanu m'maso!"

A Kadontho anayesa kufotokoza kuti katemera sapha ndipo sachiza, amangotseka khomo matenda asanalowe. Palibe anamva. Anthu anaona zinthu ziwiri zokha, kadontho Lolemba ndi mitembo Loweruka. Kwa zaka zingapo midzi ya kutsidya inawakaniza kuponda pamakola, ndipo chitopa chinkadya kumeneko mmene chafunira. Iwo zinawapweteka kwambiri, osati chifukwa cha kutukwanidwa, koma chifukwa cha nkhuku zimene zinafa popanda chifukwa. Akulu awiriwa sanapatsanenso moni. Pa Misa, ikafika nthawi yopatsana mtendere, aliyense ankapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake.

Tsopano munthu yemweyu, wodziwa za matenda a nkhuku chotere, ukamufunsa za chimfine cha anthu unkagwira pakamwa. Kwa iwo chimfine chinali mphepo. Chinkabwera ndi chiperoni kuchokera kumapiri n'kulowera pamutu, ndiye mankhwala ake anali chipewa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti sankavula chipewa chawo choluka, ndipo m'tchalitchi ankachivula mokakamizika, atachifumbata m'manja ngati chithawa. Ndinawafunsapo kuti zikutheka bwanji kuti chitopa chiziyenda pansapato koma chimfine chisayende pa kuyetsemula ndi pa kapu. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa za kumwezi, n'kundiuza kuti anthu akhala akumwera chikho chimodzi kuyambira makolo ndipo mtundu sunathe. Ankatinso chimfine si matenda, ndi mlendo wa masiku atatu, ndipo mwamuna wopita nacho kuchipatala akufuna kungochititsa manyazi akazi ake.

Chikawagwira ankawiritsa masamba a bulugamu ndi mandimu, n'kudzifunditsa bulangete pamwamba pa mphikawo mpaka thukuta kamukamu. Zimenezo sindikuwanena, tonse timatero ndipo mphuno zimatsegukadi. Chimene ankakangana nacho ndi Jesinta chinali makapisozi. Ankagula anayi kapena asanu kugolosale, aja ofiira mbali ina achikasu mbali ina, n'kumwa mpaka atamva bwino. Thupi likatentha ankawonjezera mankhwala a malungo otsala kwa munthu wina, osayezetsa. Jesinta, amene amagwira ntchito ku Blantyre, ankakalipa pafoni kuti makapisozi sagwira kachilombo ka chimfine ndipo kutentha thupi kulikonse si malungo. Iwo ankaichotsa foniyo kukhutu n'kuiika patebulo kuti izilankhula yokha, n'kupita kukaona nkhuku.

Musaganize kuti ankaopa jakisoni. Nthawi ya korona, anthu akuthawira m'minda atamva kuti a zaumoyo abwera, a Kadontho anavala jekete la Lamulungu n'kukakhala woyamba pamzere. Atabayidwa anazungulira mudzi wonse akono a malaya atapinda, kuti aliyense aone kuti sanafe. Azimayi a mumphakati ambiri anapita chifukwa cha iwo. Mayi akazengereza kupita ndi mwana kusikelo, anzake ankamuopseza kuti akamunenera kwa a Kadontho. M'mudzi muno mawu akuti katemera ndi dzina lawo zinali ngati chinthu chimodzi, ndipo iwo ankanyada nazo. Ankaganizanso kuti jakisoni wa korona uja anatseka matenda onse a m'chifuwa, ngakhale iwo omwe ankauza anthu kuti kadontho ka chitopa sikaletsa nthomba ya nkhuku.

Chaka chimene chinatsogolera cha imfa yawo, chimfine chinawagwetsa koyamba. Anagona masabata, anawonda, ndipo atadzuka sankathanso kukwera chitunda cha kutchalitchi panjinga. Jesinta anachita mantha. Anafufuza n'kupeza chipatala china cholipira mumzinda chimene chimabaya katemera wa chimfine, popeza kuno kumudzi sitinamuonepo. Nyengo yozizira yotsatira isanafike pachimake anaitanitsa makolo ake onse awiri. Amayi aakulu anakana kupita limodzi. Anati, "Pitani inu kaye, abambo ake a Jesinta, ndione mmene mubwerere. Mukabwera bwino, ine ndipita." Ine anandipempha kuti ndiwaperekeze, chifukwa a Kadontho mumzinda ankawoloka msewu ngati ali m'munda mwawo.

Dokotala wake anali mayi wachitsikana, wodekha. Anawamvetsera m'chifuwa, anawayeza kutentha kwa thupi, kenaka anawatenga magazi pang'ono pachigongono cha mkati kuti aone shuga ndi zina, n'kumatapo kathonje ndi pulasitala. Mpaka pamenepo zonse zinali bwino, bambo aakulu akumufunsa dokotalayo ngati kwawo amaweta nkhuku. Atatulutsa katemera uja m'firiji ndi pamene anasintha nkhope.

"Thupi silikutentha, bambo," anatero dokotala. "Tikhoza kukubayani lero lomwe."

"Munditemera bwanji ndikutsokomola?"

"Chifuwa chimenechi mwakhala nacho zaka. Mukanakhala kuti mwatentha thupi, mwagona, tikanadikira kuti muchire. Koma anthu a chifuwa ngati chanu, ndi a msinkhu wanu, ndi amene timafuna atetezedwe msanga, chifukwa chimfine chikawagwira chimatsikira m'mapapo."

"Nanga akandidwalitsa?"

"Katemerayu sangakupatseni chimfine. Mkono ukhoza kuwawa, mwina thupi kuphwanya pang'ono tsiku limodzi kapena awiri. Sindikunamizani kuti simudzayetsemulanso ayi. Koma chachikulu chija chikabwera, chimapeza thupi lakonzeka."

A Kadontho anamvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu, kenaka anavala chipewa chawo. "Mayi, mwalankhula bwino. Koma yodwala satemera."

"Adadi, inu si nkhuku!" Jesinta anakuwa mpaka namwino anasuzumira pakhomo.

Anachonderera, analira, anaopseza kuti sadzabweranso kumudzi. Dokotala anabwerezanso kufotokoza, nati khomo ndi lotsegula tsiku lililonse akasintha maganizo. Bambo aakulu anathokoza n'kutuluka. Jesinta anabwerera kuntchito maso ali psuu, osatsanzika.

Ine ndinawapeza panja atakhala pakhonde la chipatalacho. Ndinali nditakwiya, ndipo ndinawauza kuti atiyendetsa ulendo wachabe chifukwa cha kuuma mutu. Sanandikalipire. Anandiuza kuti ndikhale pansi.

"Rozina, ukuwadziwa anthu akwathu. Chifuwachi chikhoza kundigwetsa mwezi wamawa, ndibayidwe kaya ndisabayidwe. Ndikabayidwa lero n'kugwa mwezi wamawa, akanena chiyani? Sakanena za chifuwa. Akati katemera wapha Kadontho. Ndiye ndani adzatsekerenso nkhuku m'khola? Ndani adzapite ndi mwana kusikelo? Za a Likaka zija sindifuna kuzionanso."

Anati adikira nyengo yotentha, chifuwa chikaphwa, adzabwera okha mwakachetechete. Ndinawakumbutsa kuti dokotala wanena kuti katemerayu amafunika chimfine chisanafike, monga momwe iwo amatemera chitopa chisanafike. Anangoti "khe, khe" n'kuimirira. Pamenepo ndinazindikira kuti si jakisoni amene ankamuopa, koma pakamwa pa anthu.

Tinakwera minibasi ku Limbe. Anali atapinda mkono wa malaya kuti usakhule kathonje kaja. Mwatsoka, pampando wa kumbuyo kwathu panali amake Dorofe a m'mudzi mwathu momwemo, amene akamva nkhani m'mawa, pofika masana ndiye kuti yafika ku Nguludi.

"Iii, a Kadontho! Pamkonopo bwanji? Akubayani?"

Bambo aakulu anayang'ana kathonje kaja. Anthu a m'minibasi anatembenuka, ena owadziwa. Munthu amene anatsogolera mudzi wonse pamzere, anene pagulu kuti wathawa katemera?

"Eya, mayi. Wa chimfine. Nanga ine ndingathawe jakisoni?"

Ndinawaponda phazi, iwo osatembenuka n'komwe. Titafika kunyumba anawauza amayi aakulu zomwezo, n'kuwaonetsa kathonje. Ine ndinanena pomwepo kuti si zoona, kuti pamenepo anangotengapo magazi, ndipo katemera amabaya paphewa osati pachigongono. Bambo aakulu anaseka nati mwanayu anali panja akugula nthochi, sanaone kanthu. Amayi aakulu anandiuza kuti ndisamatsutse akuluakulu. Jesinta atanena zomwezo pafoni, anamuyankha kuti iye ndi ine tapangana. Mawa lake bambo aakulu ananditengera kuseri n'kundipempha kuti ndisiye. Anati akanena zoona amake Jesinta sapita, koma akaona kuti iwo abwera bwino apita, ndipo bodzalo lidzasanduka zoona nyengo yotentha. Kathonje kaja anakasiya pamkono mpaka Lamulungu, ndipo tchalitchi chonse chinakaona.

Amayi aakulu anavomera kuti apita, koma akamaliza kaye kutonola chimanga. Chimanga chisanathe, tinali ndi mapemphero a mphakati panyumba ina pamene ana onse anali chigonere ndi chimfine. Tinadzazana m'kachipinda mawindo otseka chifukwa cha kuzizira, tinapatsana moni wa m'manja, ndipo pomaliza kapu ya thobwa inazungulira. A Kadontho anamwa nawo mosadandaula, poti chipewa chinali kumutu. Patapita masiku ochepa anadzuka thupi lili moto, mutu ukuwawa, mafupa onse akuphwanya. Ine ndinadwalanso sabata yomweyo, ndi ena ambiri amene tinali m'chipinda chija, koma ife tinadzuka.

Iwo anayamba ndi bulugamu, kenaka makapisozi, kenaka mankhwala a malungo. Nditawauza za kuchipatala anakana mwaukali umene sindinawaonepo nawo. Panthawiyo anthu anali atayamba kale kunong'ona kuti jakisoni wa ku Blantyre wayamba ntchito, ndipo iwo anamva. Ndiye m'malo mogona, m'mawa wina anavala jekete, anatulutsa njinga, n'kuyamba kuzungulira mudzi kuti anthu awaone ali bwino. Ankapereka moni mokweza pakhomo lililonse, milomo itauma, maso ali biriwiri. Sanafike patali. Anawapeza atakhala pansi m'mbali mwa njira ya kudambo, njinga itagwera m'udzu, akulephera kumaliza mawu.

Kuchipatala cha mishoni anatiuza kuti ndi chibayo, chimene chinabwera pamwamba pa chimfine, ndipo tachedwa nacho. Anawaika pa mpweya n'kuchita zonse zimene akanatha. Masana ena, nthawi yoona odwala, ndinali pambali pa bedi ndi amayi aakulu. Bambo aakulu anakankha chophimba cha mpweya chija n'kugwira chitenje cha akazi awo.

"Amake Jesinta... sanandibaye. Ndinakana ndine. Ndinakunamizani."

"Gonani, abambo. Mukubwebweta."

"Mupite... mukabayitse."

Amayi aakulu anawabwezera chophimba chija kumaso, n'kutembenukira kwa ine misozi ili mbwee. "Waona? Mpaka pano akuikira kumbuyo katemera wawoyo. Munthu ameneyu adzafa akumuteteza." Bambo aakulu anandiyang'ana pamwamba pa chophimbacho. Maso amenewo sindidzawaiwala, anali a munthu amene akuona chinthu chimene wachithawa moyo wake wonse chitaima pamiyendo pa bedi. Sanalankhulenso zomveka. Anamwalira Lachinayi m'mawa.

Pamaliro Jesinta anapempha kulankhula, ndipo ananena zonse monga zinachitikira. Anthu anamvetsera mwaulemu wa pamaliro. Pobalalika ndinamva wina akuti, nanga mwana amene anawatengera yekha kukabayitsa anganene chiyani. Amake Dorofe analumbira kuti anamva ndi makutu awo kuchokera pakamwa pa malemu, ndipo sananame. Ndi pamene pakundivuta mpaka lero. Ndikuyenera kuuza anthu kuti munthu amene ankamukhulupirira kuposa wina aliyense pa nkhani ya katemera anawanamiza, ndipo iwo akusankha kukhulupirira iye osati ine. Ndikanakhala iwo, mwina ndikanateronso.

Nyengo yotentha itafika kunabwera mayi wina wochokera kwa alangizi a ziweto ndi kabotolo ka chitopa. Makomo ambiri anamubweza. Ena anatsegulira dala nkhuku m'mamawa. Amayi aakulu anamuuza kuti pakhomo pawo katemera anatengapo kale mutu wa banja, asatengeponso nkhuku. Pofika Novembala chitopa chinalowa, ndipo chinayambira kumsika n'kutsika mudzi wonse khomo ndi khomo. Azimayi awiri amene ndikuwadziwa asiya kupita ndi ana kusikelo. Ndikawafunsa amangoti akuganizabe.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anandikhulupirira, ndipo ndi amene sindinkamuyembekezera. A Likaka, okalamba tsopano, oyendera ndodo, anandiimitsa kuchigayo mwezi wathawu. Anandifunsa ngati malemu ankatsokomola tsiku limene tinapita ku Blantyre. Ndinati ankatsokomola monga mwa masiku onse.

"Ndiye sanabayitse," anatero a Likaka. "Munthu uja ndinamuphunzitsa ndine, ndi thumba langa lija. Sakanalola."

Kenaka anati nkhuku zawo zija zinali zodwala kale, ndipo ankadziwa kuyambira tsiku lomwelo. Ndinawapempha kuti akanene zimenezi kwa amayi aakulu, ndipo anapitadi, ulendo wawo woyamba kuponda pakhomo paja chikhuthulireni mitembo ya nkhuku. Amayi aakulu anawayalira mphasa, anawamvetsera, kenaka anawafunsa funso limodzi: "Si inu amene munkati katemera ndi poizoni? Munkanena zoona, achimwene. Ife ndi amene sitinamve." A Likaka anatola ndodo yawo n'kubwerera kutsidya.

Jesinta waimba dzulo kuti abwera Loweruka ndi galimoto ya mnzake, ndipo akuti amayi ake awanyamula ngakhale pamsana kuti akabayitse. Ndikuwadziwa amayi aakulu, sakwera. Mwana wa pakhomo loyandikana nawo wagona ndi chimfine kuyambira Lolemba, ndipo iwo dzana anapita kukamuona, n'kumufungatira, atavala chipewa choluka cha amuna awo.

Nyumba yanga yayang'anana ndi yawo, pakati pali njira yokha. Kuseri kwa nyumbayo kuli mtengo wa mapeyala, ndipo pansi pake ndi pamene anthu a m'mudzi muno ankabweretsa nkhuku m'zitete tsiku lotemera. Pankakhala phokoso loti sungamve mnzako, azimayi akukangana za mzere, nthenga zili paliponse. Mtondo wakale umene bambo aakulu ankauvundikira n'kukhalira udakalipo, koma chiswe chaudya mbali imodzi ndipo wapendekeka. Khola lawo, limene linali lokongola kuposa nyumba za anthu ena, latsala chitseko chili pululu, ndipo m'kati mwamera bonongwe. Dothi la pansi pa mtengowo linali losalala ngati lozira chifukwa cha mapazi. Tsopano pali masamba okhaokha onyowa ndi chiperoni.

M'mudzi muno simukuliranso tambala, ndiye m'mawa ndimadzuka ndekha n'kuima pawindo kudikira tsache la amayi aakulu. Chikhalire sanalolepo kuti dzuwa liwapeze asanasese. Lero kwacha, ana apita kusukulu, nkhungu yachoka paphiri, koma bwalo lija silinasesedwe ndipo chitseko chikadali chotseka. Ndawoloka njira n'kuima pansi pa mtengo wa mapeyala, pafupi ndi windo la kuchipinda kwawo, ndikuopa kugogoda. Ndaima pamenepo mpaka ndamva akutsokomola m'katimo, chifuwa chakuya, chonyowa, chosafuna kutha. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndapuma mpweya wa chimwemwe, chifukwa ndiye kuti alipo.